Kompyuta Ikagona, Ndani Amaisungira Nthawi?

Ambiri a ife tikamaliza kulemba ntchito ya m'kalasi sitizimitsa laputopu. Timangoitseka n'kuiika m'chikwama. Foni nayo timangoiponya m'thumba sikirini ikathima. Zipangizozi zikakhala chonchi sizinazime, zangogona, ndipo tikazifuna zimadzuka m'masekondi ochepa zili pomwe tinazisiyira. Koma podzukapo, chipangizo chilichonse chimayenera kuyankha kaye funso limodzi chisanagwire ntchito ina iliyonse: kodi ndagona nthawi yaitali bwanji?

Funsoli ndi lovuta kwa kompyuta chifukwa mbali yake imene imawerenga nthawi imakhala itagona nayo limodzi. Yankho likalakwika, zotsatira zake timaziona ndi maso. Laputopu imauma podzuka, intaneti imakana kulumikizika, alamu silira, kapena wotchi ya pakona pa sikirini imasonyezabe ola la dzulo. Wophunzira amene anasiya ntchito yosasungidwa akhoza kuitaya yonse chifukwa palibe china chochita koma kuzimitsa kompyutayo mokakamiza.

Ntchito yosunga nthawi ili m'manja mwa gawo lotchedwa kernel. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, monga Windows, macOS kapena Linux, ndipo kernel ndiye mtima wa pulogalamu imeneyi. Ndiyo imalankhula ndi zitsulo za m'kati, imagawira mapulogalamu ena malo ogwirira ntchito, komanso imauza aliyense nthawi yake yoyamba ndi yolekeza. M'nkhani ino tiona za kernel ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Taisankha pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mafoni onse a Android amayendera kernel imeneyi, choncho ambiri tikuyenda nayo m'thumba. Chachiwiri, ntchito yoikonza imachitikira poyera, moti aliyense angathe kuona pamene panalakwika ndi mmene anapakonzera.

Kugona kwa kompyuta n'kotani?

Mu Disembala 1996, makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa malamulo otchedwa ACPI, ofotokoza mmene kompyuta iyenera kugwiritsira ntchito magetsi. Malamulowa anapatsa dzina mkhalidwe uliwonse wa kompyuta. S0 ndi pamene ikugwira ntchito, S5 ndi pamene yazimiratu. Pakati pake pali S3, tulo timene tikukambirana pano. Mu S3 pafupifupi chilichonse chimazimitsidwa, kuphatikizapo CPU, ubongo wa kompyuta. Magetsi ochepa kwambiri amangopita ku RAM, malo amene muli zonse zimene tinatsegula, kuti zisafufutike. Palinso S4, pamene za mu RAM zimakoperedwa pa disiki kenako magetsi n'kudulidwa konse. Malaputopu ambiri atsopano ali ndi tulo tina topepuka, timene Windows imatitcha Modern Standby ndipo Linux imatitcha s2idle, koma funso la nthawi limakhalapobe.

Kernel sigoneka kompyuta mwachisawawa. Imayamba ndi kuimitsa mapulogalamu onse pomwe ali. Kenako imauza zipangizo chimodzichimodzi, monga Wi-Fi, kiyibodi, disiki ndi sikirini, kuti zisunge zimene zikuchita n'kugona. Ikatero imazimitsa mbali zonse za CPU kusiya imodzi. Chakumapeto kwenikweni imalemba nthawi imene yafika, n'kuuza zitsulo kuti zidule magetsi. Podzuka imabwerera m'njira yomweyo chafutambuyo, ndipo nthawi ndi imene imakonzedwa koyambirira, mapulogalamu asanaloledwe kuyenda.

Ife a Adventist timaphunzitsa kuti imfa ndi tulo topanda chidziwitso, ndipo wogonayo sadziwa kutalika kwa nthawi imene yadutsa. Fanizoli tisalikokere patali, koma likutithandiza kumvetsa mfundo imodzi. Kwa pulogalamu imene yaimitsidwa, mphindi yogona ndi mphindi yodzuka n'zogundizana. Kaya padutsa masekondi 10 kapena masiku 3, yokha singasiyanitse. Iyenera kuuzidwa ndi wina amene sanagone.

Mawotchi a m'kati mwa kompyuta

M'kompyuta muli mawotchi a mitundu iwiri. Woyamba ndi wotchi yaing'ono yotchedwa RTC, imene sigona. Imayendera kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi. Nambalayi sinasankhidwe mwangozi: mukaigawa pawiri maulendo 15 mutsala ndi 1, choncho n'zosavuta kusandutsa kunjenjemerako kukhala sekondi imodzi. M'makompyuta ambiri wotchiyi ili ndi kabatire kakekake, kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kotchedwa CR2032. Kabatireka n'ka mavoti 3, ndipo dzina lake likunena kukula kwake: mamilimita 20 m'lifupi ndi mamilimita 3.2 kuchindikala. Ubwino wa RTC ndi woti imayendabe ngakhale magetsi athime. Kuipa kwake n'koti imawerenga masekondi athunthu okha, ndipo imachedwa kuyankha ikafunsidwa.

Kompyuta ikakhala maso imafuna wotchi yachangu kuposa imeneyi, chifukwa imachita zinthu mamiliyoni ambiri pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake imadalira chowerengera cha m'kati mwa CPU. Pa makompyuta a Intel ndi AMD chimatchedwa TSC, ndipo chinayamba ndi CPU ya Pentium mu 1993. Masiku ano chimawerenga mabiliyoni pa sekondi. Kernel imafunsa RTC kamodzi poyatsa kompyuta, kenako imangowonjezera pa nthawiyo zimene chowerengera chachangucho chikusonyeza. Vuto lake ndi loti CPU ikadulidwa magetsi mu S3, pa makompyuta ambiri chowerengerachi chimaima, ndipo podzuka chimayambiranso pansi.

Choncho kernel imachita masamu ochotsera. Tiyerekeze kuti laputopu yatsekedwa Lachisanu 5 koloko madzulo pokonzekera Sabata, n'kutsegulidwa mawa lake 7 koloko usiku Sabata litatha. Pogona kernel inalemba zimene RTC inkasonyeza. Podzuka ikufunsanso RTC, n'kuchotsera nambala yoyamba pa yachiwiri. Yankho ndi maola 26, kapena kuti masekondi 93,600. Masekondi amenewa amawonjezeredwa pa nthawi imene kernel inkasunga, ndipo nambala yakale ya chowerengera chachangu imatayidwa kuti kuwerenga kuyambire pa yatsopano. Pa zipangizo zimene chowerengera chake sichiima pogona, kernel imayamba yafunsa chimenecho chifukwa n'cholondola kwambiri kuposa RTC.

Ngakhale masamu ophwekawa ali ndi msampha. Popeza RTC sidziwa zidutswa za sekondi, kugona kulikonse kungasokoneze nthawi ndi pafupifupi sekondi imodzi. Foni imagona ndi kudzuka kambirimbiri pa tsiku, ndiye timasekondi timeneti tikanaunjikana n'kukhala mphindi. Pofuna kupewa zimenezi, kernel imakumbukira kusiyana kumene kunalipo pakati pa nthawi yake ndi ya RTC pa kugona kwapitako, n'kuyesetsa kuti kusiyanako kusasinthe.

Nthawi zitatu zosiyana

Funso lotsatira ndi lakuti maola 26 aja awonjezeredwe pati, chifukwa Linux imasunga nthawi zingapo. Zofunika kwambiri ndi zitatu.

Yoyamba ndi CLOCK_REALTIME, imene tingaitche nthawi ya pakhoma. Ndi ija ya deti ndi ola imene timaiona pa sikirini. Munthu angathe kuisintha, ndiponso kompyuta imaikonza yokha ikafunsa nthawi pa intaneti, choncho imatha kudumphira kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo.

Yachiwiri ndi CLOCK_MONOTONIC, imene tingaitche nthawi ya maso. Sibwerera m'mbuyo, ndipo palibe angaisinthe ndi dzanja. Mapulogalamu amaigwiritsa ntchito poyeza kutalika kwa zinthu, ngati mmene mphunzitsi wa masewera amayezera liwiro la othamanga. Mu Linux nthawi imeneyi siwerenga maola amene kompyuta yagona.

Yachitatu ndi CLOCK_BOOTTIME, nthawi ya chiyatsireni kompyuta. Nayo sibwerera m'mbuyo, koma imawerenga ndi tulo tomwe. Inalowa mu Linux 2.6.39 mu 2011, ndipo anailemba ndi John Stultz.

Tibwerere ku laputopu ija. Tinene kuti inayatsidwa Lachisanu 2 koloko masana, n'kugwira ntchito maola 3 isanagone. Podzuka, nthawi ya pakhoma iyenera kunena kuti ndi 7 koloko usiku wa tsiku lotsatira. Nthawi ya maso iyenera kunena maola 3. Nthawi ya chiyatsireni iyenera kunena maola 29. Mayankho atatu onsewa ndi olondola, ndipo lililonse lili ndi ntchito yake. Pulogalamu yothimitsa sikirini munthu akapanda kugwira kiyibodi kwa mphindi 5 imafuna nthawi ya maso. Koma adiresi imene Wi-Fi imabwereka laputopu kwa maola owerengeka ili ngati buku la ku laibulale: masiku obwezera amayendabe ngakhale wobwerekayo ali m'tulo. Imeneyi imafuna nthawi ya chiyatsireni. Wolemba pulogalamu akasankha nthawi yolakwika, pulogalamu yake imagwira bwino ntchito mpaka tsiku limene wina adzagoneke kompyutayo.

Mabelu a kernel

Kuwonjezera pa kusunga nthawi, kernel ilinso ngati wophunzira woimba belu pasukulu. Mapulogalamu amabwera ndi zopempha: mundidzutse pakatha theka la sekondi, mundidzutse 6 koloko m'mawa. Pempho lililonse lotere akatswiri amalitcha timer, koma ife tizingoti belu. Kernel imandandalika mabelu onse kuyambira limene lili pafupi kulira, n'kuuza kachipangizo ka m'kati kuti kadzagogode CPU nthawi ya belu loyambalo ikakwana. Dongosolo la mabelu olondola kwambiri, lotchedwa hrtimer, linalowa mu Linux 2.6.16 mu 2006, ndipo analikonza ndi Thomas Gleixner ndi Ingo Molnar.

Belu lililonse limatcheredwa pa imodzi mwa nthawi zitatu zija, koma kachipangizo kogogoda n'kamodzi pa mbali iliyonse ya CPU. Kuti zonse zigwirizane, gawo loimba mabelu limasunga manambala osonyeza kusiyana kwa nthawi ya maso ndi zinzake ziwiri. Nthawi ya pakhoma ikadumpha, kaya chifukwa munthu waisintha kapena chifukwa kompyuta yadzuka, manambalawa amayenera kukonzedwa pompopompo ndipo mabelu onse aunikidwenso. Apa ndi pamene zolakwika zambiri zimabadwira. Mbali imodzi ya kernel ikauzidwa nthawi yatsopano ina isanauzidwe, belu limalira msanga, kapena mochedwa, kapena osalira n'komwe. Ndipo ngati belu losaliralo ndi limene chipangizo china chikulidikira kuti chimalize kudzuka, kompyuta yonse imangoti zii, sikirini ili bii.

Zimene zinachitika mu 2012

Dziko silizungulira pa liwiro lofanana ndendende tsiku lililonse, pamene mawotchi a atomu amene nthawi ya dziko lonse imayendera sasintha. Kuti ziwirizi zisatalikirane, nthawi zina amawonjezera sekondi imodzi kumapeto kwa Juni kapena Disembala, mofanana ndi mmene timawonjezerera 29 Febuluwale. Sekondi yotere inawonjezeredwa pakati pa usiku pa 30 Juni 2012 pa nthawi ya dziko lonse ya UTC, pamene kuno ku Malawi inali itatsala pang'ono kukwana 2 koloko usiku pa 1 Julayi.

Kernel ya Linux inabweza nthawi ya pakhoma ndi sekondi imodzi monga mmene zimayenera kukhalira, koma sinauze gawo loimba mabelu. Gawolo linatsala likuganiza kuti nthawi ili patsogolo ndi sekondi imodzi. Pulogalamu ikapempha kudzutsidwa pakatha kachidutswa ka sekondi, belu linkalira nthawi yomweyo. Pulogalamuyo inkapemphanso, belu n'kuliranso, mobwerezabwereza mpaka CPU kulemedwa. Makompyuta akuluakulu a Reddit ndi Mozilla anavutika, ndipo dongosolo la kampani ya Amadeus, limene ndege za Qantas zimagwiritsa ntchito polembetsa apaulendo, linasokonekera moti maulendo ena ku Australia anachedwa.

John Stultz ndi Thomas Gleixner anakonza vutoli m'masiku oyambirira a Julayi. Mwa zina, anachititsa kuti gawo loimba mabelu liziwerenganso manambala a kusiyana aja nthawi iliyonse CPU ikagogodedwa. Vuto la sekondi yowonjezera linathadi. Koma patangopita masiku ochepa, anthu amene ankayesa Linux 3.5 isanatulutsidwe anapeza kuti malaputopu ena akuchedwa kwambiri kudzuka, ena akuumiratu. Mmodzi mwa amene ananena zimenezi anali Rafael Wysocki, amene amayang'anira gawo la kugona ndi kudzuka mu Linux.

Atafufuza, Gleixner anapeza kuti podzuka kernel inkawonjezera bwinobwino nthawi ya tulo, koma sinkachita sitepe yomaliza yofalitsa manambala atsopanowo kwina konse kumene amasungidwa. Gawo loimba mabelu linkapeza nambala yakale, ya kompyuta isanagone, n'kuiphatikiza ndi nthawi yatsopano. Chochititsa chidwi n'choti sitepeyi inali ikusowa kuyambira kale, kungoti palibe ankazindikira. Kukonza vuto la sekondi yowonjezera kunangovundukula dzenje limene linalipo kale. Mankhwala ake anali mzere umodzi wokha wa malangizo, wouza kernel kuti ifalitse manambalawo isanapitirize kudzuka. Mzerewu unalowa pakati pa Julayi, ndipo Linux 3.5 inatuluka pa 21 Julayi 2012 ili nawo kale.

Zimene zinachitika mu 2018

Nkhani yachiwiri ndi yosiyana, chifukwa masamu a kernel sanalakwike. Olemba mapulogalamu ambiri ankasokoneza nthawi ya maso ndi nthawi ya chiyatsireni, poganiza kuti nthawi ya maso imawerenganso tulo. Akatswiri a kernel anaganiza zothetseratu chisokonezochi pophatikiza ziwirizi, kuti nthawi ya maso nayo iziwerenga tulo. Kusinthaku kunalowa pamene ankakonza Linux 4.17, ndipo ananeneratu kuti zikavuta adzakubweza.

Zinavutadi. M'makompyuta ambiri a Linux muli pulogalamu yotchedwa systemd, imene imayang'anira mapulogalamu ena ogwira ntchito mobisika. Ena mwa mapulogalamuwa amayenera kumadzionetsa kwa systemd pafupipafupi kuti akadali bwino. Ikadutsa nthawi yoikika, imene kwa ena inali mphindi 3, pulogalamu isanadzionetse, systemd imaganiza kuti yauma, n'kuiimitsa mokakamiza kuti iyambirenso. Muyeso umenewu unkatengera nthawi ya maso. Nthawi ya maso itayamba kuwerenga tulo, laputopu yogona mphindi 10 inkadzuka systemd ikuona kuti mapulogalamuwo akhala chete mphindi 10, ndipo inkayamba kuwathamangitsa. Zili ngati woyang'anira malo ogona ophunzira atatenga masiku a holide n'kuwalemba kuti onse anajomba. Ena ananenanso kuti intaneti inkakana kugwira kompyuta ikadzuka, ena kuti sikirini inkathima atangoitsegula.

Chakumapeto kwa Epulo 2018 Gleixner anabweza kusinthako, ndipo Linux 4.17 inatuluka mu Juni nthawi ziwirizi zili zosiyana ngati kale. Mu Linux muli lamulo limene Torvalds amaumirira kwambiri, loti kusintha kwa kernel kusawononge mapulogalamu amene anthu akugwiritsa ntchito kale. Ganizo lingakhale looneka labwino papepala, koma likathyola zinthu zimene zinkayenda, limachotsedwa.

Mmene amasakira cholakwika

Cholakwika cha podzuka n'chovuta kuchipeza chifukwa chimachitika sikirini, kiyibodi ndi disiki zisanadzuke. Kompyuta ilibe pakamwa ponenera chimene chavuta. Akatswiri ali ndi njira zinayi zimene amadalira kwambiri.

Yoyamba ndi kuchititsa kuti vutolo libwerenso. Pali kapulogalamu kotchedwa rtcwake kamene kamagoneka kompyuta n'kutchera RTC kuti iidzutse pakatha masekondi osankhidwa. Ndi kameneka munthu angagoneke ndi kudzutsa kompyuta maulendo 100 usiku umodzi, n'kuona ngati kutalika kwa tulo kukukhudza vutolo. Kukakhala kuti kukukhudza, wokayikiridwa woyamba ndi masamu a nthawi.

Yachiwiri ndi kugona mwapang'onopang'ono. Mu Linux muli fayilo yotchedwa pm_test imene imalola kuyesa masitepe a kugona limodzilimodzi. Masitepewo ndi 5: freezer, devices, platform, processors ndi core. Munthu akasankha freezer, kernel imangoimitsa mapulogalamu, n'kudikira masekondi 5, n'kubwerera. Akasankha devices, imafika mpaka pogoneka zipangizo, n'kubwerera. Sitepe yoyamba imene yalephera ndi imene muli vuto.

Yachitatu ndi kugawa pakati. Linux yatsopano iliyonse imabwera ndi zosintha zoposa 10,000, ndipo kuziyesa chimodzichimodzi n'kosatheka. Pulogalamu ya Git, imene Torvalds anailemba mu 2005, ili ndi chida chotchedwa bisect. Munthu amachiuza kernel imene inkadzuka bwino ndi imene yayamba kuvuta, ndipo chimamupatsa ya pakati kuti ayese. Ikakhala yabwino, theka loyamba lonse latuluka pa mlandu. Ikakhala yovuta, theka lachiwiri ndi limene latuluka. Timachitanso chimodzimodzi posaka nyimbo m'buku la nyimbo: timatsegula chapakati, n'kuona ngati tipite kutsogolo kapena m'mbuyo. Popeza 2 mukamuchulukitsa ndi iye yemwe mpaka akhale 14 amakwana 16,384, kuyesa maulendo 14 n'kokwanira kupeza chosintha chimodzi pakati pa 10,000.

Yachinayi ndi ya pamene kompyuta yaumiratu. Torvalds analemba mu 2006 njira yotchedwa pm_trace. Anaona kuti kompyuta ikazimitsidwa mokakamiza, za mu RAM zimatayika, koma RTC imasungabe manambala ake. Choncho kernel isanayambe kudzutsa chipangizo chilichonse, imalemba nambala yoimira chipangizocho m'malo a deti ndi ola a RTC. Ikauma, munthu amaizimitsa n'kuiyatsanso pasanathe mphindi 3, wotchi isanayende n'kusokoneza nambalayo. Poyaka, kernel imawerenga nambalayo n'kunena chipangizo chimene inali nacho komaliza. Mtengo wake ndi woti wotchi imatsala ikusonyeza deti lachilendo. Njirayi nayo inabala vuto lake: kompyuta ikadzuka bwino pm_trace ili yoyatsa, kernel inkatha kutenga nambala ija ngati nthawi yeniyeni n'kuwerenga kuti yagona nthawi yosatheka. Anakonza zimenezi chakumapeto kwa 2016, pouza kernel kuti isakhulupirire RTC pamene pm_trace yalembamo.

Zimene ife tingachite

Ambiri a ife sitidzalemba mzere wa kernel, koma kudziwa zimenezi kumatithandiza kusiyanitsa mavuto amene amaoneka ofanana.

Kompyuta ikamayaka ikusonyeza chaka chakalekale nthawi iliyonse magetsi akathima, kawirikawiri kabatire ka RTC katha mphamvu, ndipo kusintha kameneka n'kotsika mtengo kuposa kusintha china chilichonse. Osalekerera deti lolakwika, chifukwa masamba otetezedwa a pa intaneti amakana kutseguka deti likasokonekera, ndipo WhatsApp nayo imakana kugwira ntchito pa foni ya deti lolakwika.

Kompyuta imene ili ndi Windows ndi Linux pamodzi ikamaphonya ndi maola 2 ndendende, si kabatire ayi. Windows imasunga nthawi ya kuno mu RTC, pamene Linux imayembekezera kupezamo nthawi ya UTC, ndipo Malawi ili patsogolo pa UTC ndi maola 2. Mankhwala ake ndi kuuza imodzi mwa ziwirizi kuti itsatire njira ya inzake.

Chikumbutso cha pa foni chikamafika mochedwa, n'kutheka kuti pulogalamuyo inatchera belu losadzutsa foni. Android ili ndi mabelu amene amadzutsa foni yogona ndi ena amene amadikira kuti idzuke yokha, ndipo kuyambira pa Android 6.0 mu 2015, foni yosagwidwa kwa nthawi yaitali imachedwetsa dala mabelu ambiri pofuna kusunga batire. Pa zinthu zofunika monga mayeso kapena mapemphero a m'mamawa, tizitchera alamu ya wotchi yeniyeni ya m'foni. Laputopu yotseka tisaidalire kuti itidzutse.

Laputopu ikamauma podzuka, tizisunga ntchito yathu tisanaitseke, ndipo tikamaisiya tsiku lathunthu ndi bwino kuizimitsiratu, makamaka popeza batire limathabe pang'onopang'ono m'tulo. Tizilola kuti kompyuta ilandire zokonza zatsopano, chifukwa mizere ngati uja wa mu 2012 imatifikira kudzera m'menemo. Pokanena vuto kwa wokonza makompyuta, tizinena zinthu zogwirika: linayamba liti, tinasintha chiyani lisanayambe, limachitika pa kugona kulikonse kapena kwa nthawi yaitali kokha, ndipo limachitika chaja ili yolumikiza kapena ayi. Mayankho a mafunso amenewa amafupikitsa ntchito ya masiku kukhala ya ola limodzi.

Ife amene tikukonzekera uphunzitsi tidzapeza sukulu zina zili ndi makompyuta akale opatsidwa, opanda katswiri wowasamalira pafupi. Kumeneko kabatire ka mavoti 3 kangachititse kuti kompyuta yabwinobwino iikidwe pakona ngati yakufa. Njira zimene taona pano tingaziphunzitse ngakhale kwa ana a Fomu 1, ndipo zimagwira pa samu yolakwika kapena pa waya wa magetsi wa mu labotale ngati mmene zimagwirira pa kernel: chititsa vutolo kuti libwerenso, sintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, gawa pakati, ndipo ukakonza uyesenso zimene zinkayenda bwino kale. Sitepe yomalizayi ndi imene inapulumutsa Linux 3.5. Vuto la podzuka linapezeka masiku ochepa isanatulutsidwe chifukwa panali anthu amene ankatenga kernel yosamalizidwa, n'kuiika pa malaputopu awo, n'kunena mwatsatanetsatane zimene aona.